Kamtsetse ka Njinga ndi Mlandu wa Madzi ku Milepa

Awerengi, kodi munthu ayenera kupempha chilolezo kuti amange kanthu pakhomo pake pomwe? Funso limeneli likadandipeza zaka ziwiri zapitazo ndikadangoseka, chifukwa ine, monga anzanga ambiri amene tidapitako ku sukulu, ndinkayesa kuti nkhani ya mapulani ndi zilolezo ndi ya anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, omanga nyumba zosanjikizana. Koma lero sindiseka ayi, pakuti matumba awiri okha a simenti adandikhazika pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa akuluakulu, kuyankha mlandu umene ndidaupalamula ndi manja anga.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndimakhala chikamwini, kwawo kwa mayi a kunyumba. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, ndipo amisiri poimanga adakweza khonde lake masentimita 50 kuopa chinyezi cha m'dzinja. Chuma changa chachikulu ndi njinga yakapalasa. Ndiyo imandifikitsa ku sukulu, ndiyo imanyamula makope a ana okachongera kunyumba, ndiyo imapita kuchigayo, ndiponso ndiyo imabwera ndi thumba la feteleza mvula ikayandikira. Aliyense amene adaonapo Milepa tsiku la msika adziwa kuti kuno njinga si choseweretsa. Anyamata a kabaza amadyetsa nayo mabanja, alimi amatutira nayo nandolo ndi tomato, ndipo odwala ambiri amafika nayo kuchipatala. Chinthu chotere sichigona panja, pakuti akuba nawonso amadziwa mtengo wake.

Vuto langa linali masitepe atatu a pakhondepo. Madzulo aliwonse ndinkayenera kumasula katundu, kunyamula njinga, kuilowetsa m'nyumba, kenaka kubwereranso kudzatenga katunduyo. Tsiku lina ndidaterereka nayo, masipoko atatu nathyoka, ine nditasupuka bondo. Apo m'pamene ndidaganiza zomanga kamtsetse ka simenti kochokera pabwalo kukafika pakhonde, koti ndizingokankhirapo njinga pamodzi ndi katundu wake yemwe. Ndidaitana mmisiri wa m'mudzi momwemo, tidagula simenti, tidatuta mchenga ndi zidutswa za njerwa, ndipo m'masiku awiri a mwezi wa Okutobala ntchito idatha.

Mayi a kunyumba adandifunsa kamodzi kokha kuti, "Kodi abambo, amalume mwawauza?" Ine ndidayankha modzitukumula kuti khonde ndi langa, simenti ndagula ndi ndalama zanga, nanga amalume alowapo bwanji? Iwo adangoti chete, napitiriza kusankha mpunga m'lichero.

M'mbali mwa khonde lathu munkadutsa kangalande kamene sindinkakawerengera n'komwe. Adakakumba kalekale ndi malemu apongozi anga aamuna, ndipo ntchito yake inali yolandira madzi otsika padenga ndi a pabwalo n'kuwatsogolera kuseri, ku nthochi. Kamtsetse kanga kadakhala pakati penipeni pa kangalandeko, nkukatseka. M'chilimwe palibe adaona cholakwa. Ana a pamudzi adakondwa kwambiri, popeza adapeza malo otsetserekapo ndi njinga, ndipo ankasinthana mofuula mpaka dzuwa kulowa. Anzanga odzacheza ankayamikira kuti aphunzitsi abweretsa za m'tauni kumudzi, ine mtima uli m'malo.

Mvula yoyamba yamphamvu idagwa usiku, kumayambiriro kwa Disembala. Akale adati madzi saiwala khwawa, koma akapeza khwawa lawo latsekedwa safunsa munthu kolowera. Madziwo adakhotera kumunsi, nadutsa pansi pa mpanda, nakaima m'tsinde mwa khitchini ya mayi aang'ono a mkazi wanga, amene nyumba yawo yatalikirana ndi yathu mamita ochepa chabe. Mayiwa ndi amasiye ndipo akulera adzukulu atatu. Khitchini yawo inali ya zidina, ndipo tonse tidziwa kuti chidina chikamwa madzi chimabwerera kudothi kumene chidachokera. Pofika m'mawa khoma limodzi linali litang'aluka kuyambira pansi mpaka kumwamba, ndipo chimanga chimene adasunga m'menemo chinali chitanyowa.

Pambuyo pake ndidakhala pansi ndi pensulo kuwerengera, monga momwe ndimaphunzitsira ana m'kalasi. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a sikweya mita 1 imapereka lita 1 ya madzi. Denga lathu ndi la masikweya mita 60. Tsono mvula ya mamilimita 50, imene si yachilendo kuno m'dzinja, imatsitsa padenga limeneli malita 3,000, ndiko kuti ndowa 150 za malita 20. Theka la madzi amenewa, la mbali ya kukhonde, ndilo ndidalitumiza kwa mayi wamasiye usiku umodzi, ine ndili m'tulo.

Mayi aang'onowo sadabwere kwa ine, pakuti mwambo sulola mpongozi kukangana ndi mkamwini maso ndi maso. Adapita kwa mlongo wawo, amalume a mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba. Amalumewo adaitana ankhoswe, ndipo popeza nkhaniyo idakhudza malire a makomo awiri, nyakwawa nayonso idabwera. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka masana, ine pa kampando kafupi, chipewa chili m'manja.

Amalume adayamba mofatsa. Adati, "Aphunzitsi, ife timakulemekezani, ndipo ana athu mukuwaphunzitsa bwino. Koma tatiuzani, pamene munkamanga chinthu chanuchi, mudagogoda pakhomo pa yani?"

Ndidayankha kuti, "Pepani amalume, ndidaona ngati n'kanthu kakang'ono, ka pakhonde panga pomwe."

Iwo adagwedeza mutu nati, "Khonde ndi lanu, inde. Malata ndi anu, simenti ndi yanu. Nanga dothi limene mwathirapo simentiyo ndi la yani? Nanga madzi otsika padenga lanu, akadutsa mpanda, amakhalabe anu?"

Ndidasowa choyankha. Pamenepo mayi aang'ono adalankhula, nkhope atalozetsa kwa nyakwawa. Adati, "Mfumu, ine ndilibe chifukwa ndi akamwiniwa. Akadangonena, ndikadawatumizira mau kuti pamenepo m'panjira ya madzi, chifukwa ngalande ija ndidaiona ikukumbidwa. Chandiwawa n'chakuti chaka cha Freddy tidachezera usiku titakhala tsonga kuopa makoma, Mulungu natipulumutsa. Ndiye lero khoma langa ligwe chifukwa cha njinga?"

Nyakwawa idaweruza mwachidule. Idati sidabwere kudzagwetsa chitukuko cha munthu, chifukwa kamtsetseko n'kabwino ndipo pamudzi pali okalamba amene kangawathandize. Koma idalamula kuti ndiswe pakati pake ndi kuikapo paipi yodutsa madzi, ndifukule ngalande yonse mpaka ku nthochi, ndimangenso khoma la khitchini ndi njerwa zootcha m'munsi mwake, ndiponso ndibweze chimanga chimene chidaonongeka. Potseka idandiyang'ana nkunena kuti, "Aphunzitsi, safunsa adadya phula. Mwambi umenewu mumaphunzitsa ndinu, ife timangoumva kwa ana akaweruka." Anthu adaseka, ineyo ndidasekanso, koma kuseka kwa manyazi.

Usiku umenewo ndidalingalira kwambiri, ndipo ndidazindikira kuti chilolezo chomangira sichidayambe ndi maofesi. Makolo athu anali nacho kale, ngakhale sankachilemba papepala. Mkamwini akafika pamudzi sankangozika nsichi paliponse pamene pamukomera, koma eni mbumba ankamulozera mbuto yomangapo. Mlendo wofuna malo ankayamba wakaonekera kwa mfumu. Wofuna kumanga khola, nkhokwe kapena chimbudzi ankauza anzake oyandikana nawo, kuti fungo lisalowe m'nyumba ya wina, ndiponso kuti dzenje lisayandikire chitsime. Mtengo wa m'malire sunkadulidwa ndi munthu mmodzi. Zonsezi sizinali nkhanza ayi. Chifukwa chake chinali chakuti amene akhalitsa pamalo ndiwo amadziwa podutsa madzi, pothera malire, podzera njira ya kudambo, ndi pamene padaikidwa munthu kalekale. Wobwera, ngakhale akhale ndi digiri, zimenezi sangazione ndi maso ake m'chilimwe.

Nanga n'chifukwa chiyani ambirife timanyansidwa tikamva mau akuti chilolezo? Kuno ku Chiradzulu yankho lake lili m'mbiri yathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Magomero, m'malire a Chiradzulu ndi Zomba, kunali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce, ya maekala pafupifupi 169,000. Anthu okhala pa esitetiyo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo ndi ntchito ya thangata, ndipo eni esiteti sankalola kuti pamalopo pamangidwe sukulu kapena tchalitchi. Mbusa John Chilembwe, amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'chaka cha 1900, anali ndi akhristu ambiri pakati pa anthu amenewa. Iwo atamanga timatchalitchi ta udzu pa esitetiyo, woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, adalamula kuti titenthedwe. Chimenechi chinali chimodzi mwa zilonda zimene zidabala kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, ndipo kuukirako kutalephera, asilikali a boma la atsamunda adaphwasula tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe.

Motero agogo athu adadziwa chilolezo cha mtundu wina, chimene funso lake linali lakuti, "Iwe ndiwe yani kuti umange pano?" Chilolezo chimenecho chinali chikwapu chosonyeza mwini mphamvu, ndipo n'koyenera kuti tizidana nacho mpaka lero. Koma chimene adandifunsa amalume chinali china. Funso lawo linali lakuti, "Ukamanga apa, avutike ndani?" Kulakwa kwanga, ndi kwa anzanga ambiri, ndi kusokoneza mafunso awiriwa, nkumayesa kuti aliyense wotifunsa za chomanga chathu akufuna kutipondereza.

Tsono tiyeni tione za malamulo olembedwa, pakuti mlandu utatha ndidawafunafuna ndi kuwawerenga. Malamulo a mapulani a malo tidawalandira kuchokera ku Mangalande. Kumeneko lamulo lalikulu la nkhaniyi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1947, ndipo kuyambira pamenepo kukhala mwini malo sikudatanthauzenso kuti munthu angamangepo chilichonse chimene wafuna. Kuno ku Nyasaland lamulo lofanana nalo lidabwera m'chaka cha 1948, ndipo dziko litalandira ufulu lidalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 1988. Malamulo awiriwa ankagwira ntchito makamaka m'madera amene boma lidawalengeza kuti ndi a mapulani, monga mizinda ndi matauni. Midzi yonga yathu idatsala m'manja mwa mafumu ndi mwambo, ndipo n'chifukwa chake ambirife tidakula tikudziwa kuti pulani ndi nkhani ya m'tauni.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 2016, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano angapo okhudza malo, amene ena mwa iwo adakonzedwanso m'chaka cha 2022. Limodzi mwa iwo, lotchedwa Physical Planning Act, lidaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, kuyambira pakati pa mzinda wa Blantyre mpaka kumudzi kwathu kuno. Lamuloli limati wofuna kumanga, kumanganso mosintha, kapena kusintha ntchito ya malo, monga kusandutsa nyumba yogona kukhala sitolo, ayenera kupempha chilolezo ku komiti ya mapulani ya khonsolo ya dera lake. Limapatsanso akuluakulu a mapulani mphamvu yoimitsa ntchito yomangidwa popanda chilolezo, ngakhalenso yolamula kuti chomangidwacho chigwetsedwe. Komabe lamulolo lidapatula ntchito zina zing'onozing'ono zimene munthu angachite osalemba kalata yopempha, ndipo ofesi ya mapulani ndiyo ingamuuze munthu ngati ntchito yake ili m'gulu limeneli kapena ayi.

Ku Mangalande komweko nkhani yonga yangayi imachitikanso. Lamulo la kumeneko limalola munthu kumanga tinthu tina m'bwalo la nyumba yake osapempha, koma nsanja yokwera kupitirira masentimita 30 imafuna chilolezo. Tsono makolo ena amakhomera ana awo zitunda za matabwa zodumphirapo ndi njinga, anansi nadandaula za phokoso ndi za ana osuzumira m'mipanda ya eni, mapeto ake nkhani nkukafika kukhonsolo. Nditawerenga zimenezi ndidayamba ndaseka, poganiza kuti awa ndi mavuto a anthu okhuta. Koma nditaganiza bwino ndidaona kuti nkhani ndi imodzimodzi. Kwawoko chimadutsa mpanda ndi phokoso, kwathu kuno ndi madzi, ndipo konsekonse chimene wamanga pako sichithera pako.

Lamulo lina la m'chaka chomwecho cha 2016, lotchedwa Customary Land Act, lidakhazikitsa makomiti oona za malo a makolo m'dera la gulupu aliyense. Wapampando wake amakhala gulupuyo, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, mwa iwo amayi osachepera 3. Kudzera m'makomiti amenewa munthu kapena banja lingathe kulembetsa malo ake ndi kulandira satifiketi. Kwa ife a chikamwini nkhani imeneyi ndi yofunika kuimvetsa. Kuno malo amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo mwamuna, ngakhale agule malata ndi simenti, wamanga pa dothi la mbumba ya mkazi wake. Choncho pamene mayi a kunyumba adandifunsa ngati amalume ndawauza, sadali kundichepetsa ayi. Adali kundikumbutsa za eni dothi, amene ngakhale pepala la boma limafuna kuwadziwa.

Pa tchuthi ndidapalasa njinga yomweyo kupita kuboma kukafunsa. Bambo amene ndidawapeza mu ofesi adamvetsera nkhani yanga, nandifunsa mafunso atatu: malowo ndi a yani, atalikirana bwanji ndi msewu, ndipo madzi a mvula akulowera kuti. Ndidadabwa, chifukwa awiri mwa mafunso amenewa ndi omwe aja adandifunsa amalume pansi pa mtengo wa mango, iwo amene sadaonepo ndi chikuto chomwe cha buku la malamulo. Ndidabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti lamulo la papepala ndi mwambo wa makolo, zikamayenda bwino, zimasaka nyama imodzi.

Wina angafunse kuti, ngati mwambo ulipo, lamulo la papepala n'lachiyaninso? Yankho loyamba ndi kuchuluka kwathu. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Chiradzulu muli anthu oposa 350,000, ndiko kuti anthu oposa 450 pa sikweya kilomita imodzi, pamene dziko lonse pa malo otere pamakhala anthu 186. Masiku a agogo athu nyumba zinkatalikirana, madenga anali a udzu, ndipo madzi ankalowa pansi asadafike kwa mnansi. Lero nyumba zathithikana, madenga ndi a malata, mabwalo ena ndi a simenti, ndipo dontho lililonse limene nthaka yalephera kumwa limathamangira kwa wokhala kumunsi. Kuwonjezera apo, pamalo a malonda ngati pa Milepa pamakhala anthu ochokera kosiyanasiyana, ogula malo ndi ochita lendi, amene alibe malume mmodzi wowakhazika pansi. Pamene mwini mbumba safika, payenera kufika lamulo.

Yankho lachiwiri tidaliona ndi maso m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo m'chigawo cha kumwera. Anthu mazanamazana adafa, enanso mazana sadapezeke. Ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre, matope ochokera m'phiri la Soche adakokolola nyumba zimene zidamangidwa m'mbali mwa phirilo ndi m'njira za madzi. Kuno kwathu ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udaphwasuka ndi madzi, matope ndi miyala yochokera kuphiri. Sindikunena kuti pepala likadaletsa mvula ayi. Koma tsoka limenelo lidatiphunzitsa kuti funso lakuti "madzi adzadzera pati" si funso lachibwana, ndipo liyenera kufunsidwa njerwa yoyamba isadaikidwe.

Ndipo timitsetse tonga kanga tili ponseponse. Yendani m'misika ya m'mbali mwa misewu yathu, mudzaona eni masitolo ndi eni nyumba atathira dothi, miyala kapena simenti m'ngalande ya msewu kuti njinga, njinga zamoto ndi mawilibala zizikwera bwino kufika pakhomo. Aliyense amati n'kanthu kakang'ono. Koma mvula ikagwa ngalande yotsekedwayo imasefukira, madzi nayenda pamwamba pa msewu, nadya m'mphepete mwake, nalowa m'sitolo ya amene ali kumunsi. Anthu ambiri sadziwanso kuti msewu uli ndi malo ake opatulidwa ndi lamulo, amene pa msewu waukulu amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pake. Womanga m'malo amenewa, ngakhale akhale ndi chilolezo cha amalume ndi cha mfumu, tsiku lina adzapeza chizindikiro chofiira pakhoma pake, ndipo ndalama zake zidzakhala zitalowa m'madzi.

Komabe ndisakhale ngati ndikuimbira m'manja lamulo lokhalokha, pakuti nalonso lili ndi ngongole kwa anthu. Munthu wa kumudzi amene akufuna kumanga kanthu ka matumba awiri a simenti sangataye tsiku la kumunda, kulipira kabaza wopita kuboma ndi kubwerera, kulipiranso wojambula pulani, kuti akangomva kuti abwerenso sabata yamawa. Mtengo wa kufunsa ukaposa mtengo wa chomangacho, anthu adzamanga osafunsa, ndipo lamulo lidzangokhala m'kabati. Choipa koposa chingakhale chakuti lamulolo lizigwira wosauka womanga khitchini, nkumalambalala wolemera womanga pa dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Zikatero ndiye kuti tabwerera ku chilolezo chija cha ku Magomero, chofunsa kuti iwe ndiwe yani.

M'maganizo anga zinthu zitatu zingathandize. Choyamba, makhonsolo alembe m'Chichewa chomveka mndandanda wa ntchito zimene munthu angachite osapempha ndi zimene ayenera kupempha, nkuupachika m'misika, m'zipatala ndi m'mabwalo a mafumu. Chachiwiri, makomiti a malo a kwa gulupu akhale khomo loyamba la nkhani zing'onozing'ono, kuti munthu azipeza yankho pamtunda woyenda wapansi, ndipo zazikulu zokha ndizo zizipita kuboma. Chachitatu, amisiri a m'midzi aphunzitsidwe za kayendedwe ka madzi, chifukwa iwo ndiwo amagwira chingwe ndi fosholo. Mmisiri wanga akadangoti, "Aphunzitsi, apa tiikepo paipi," nkhani yonseyi sikadakhalapo. Ifenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu, pakuti masamu a denga ndi ndowa aja mwana wa Fomu 1 angawathe, ndipo angakawafotokozere makolo ake madzulo.

Kunena za kamtsetse kanga, sindidangoswa pakati pokha monga idalamulira nyakwawa, koma ndidakaphwanya konse nkuyambanso. Koyamba kaja kanali ka mamita 2 okha, kotsetsereka kwambiri, kotero kuti njinga ikasenza thumba inkandibweza m'mbuyo. Akatswiri a zomangamanga amalangiza kuti njira yokwera yoti adutsepo ngakhale munthu wa pa njinga ya olumala izitalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse imene yakwera. Khonde la masentimita 50 lifuna tsono kamtsetse ka mamita 6. Tisadayambe ntchito ndidaitana amalume, mayi a kunyumba adaitana mayi awo aang'ono, ndipo tonse tidayendera malowo ndi ndodo, kuloza podzera madzi. Mayi aang'onowo ndiwo adanena poika paipi, ndipo adatumiza mau kudzera mwa mkazi wanga kuti ikhale yaikulu, yoti zinyalala za m'bwalo zisamaitseke. Pamwamba pa simenti tidalembapo mizere yopingasa kuti pasamaterere.

Ntchito yonse, kuphatikizapo khoma la khitchini, idandidyera matumba asanu ndi awiri a simenti, pamwamba pa awiri oyamba aja amene adasanduka zibuma. Kufunsa kukadandidyera kapu imodzi ya tiyi ndi theka la ola. Dzinja lapitali mvula idagwa yambiri, madzi adadutsa m'paipi nakathera ku nthochi, ndipo nthochizo zabereka mikoko yoti pamudzi tonse tadyako. Agogo a mkazi wanga, amene masitepe adawaletsa kalekale kulowa m'nyumba mwathu, tsopano amakwera okha ndi ndodo yawo kudzamwa tiyi pakhonde. Adzukulu a mayi aang'ono ndiwo amatsogolera mzere wa ana otsetsereka ndi njinga, ndipo phokoso lawo palibe walidandaula, popeza pamudzi ponse padavomereza.

Tsono inu awerengi amene mwagula kale simenti, kaya ndi ya kamtsetse, kaya ndi ya mpanda, kaya ndi ya kachipinda kochititsa lendi, imani kaye. Dikirani mvula kapena funsani amene adaiona, kuti mudziwe njira ya madzi pakhomo panu. Gogodani kwa mnansi wa kumunsi, chifukwa ndiye adzalandire zotsika kwa inu. Kaonaneni ndi eni dothi ndi mfumu. Ndipo ngati chomanga chanu n'chachikulu, chili pafupi ndi msewu, kapena chisintha ntchito ya malowo, pitani kukhonsolo mukafunse musadakumbe maziko. Nkhanga zidapangana kusadapse. Sabata yamawa tidzaona za zimbudzi ndi zitsime, ndi mtunda umene uyenera kukhala pakati pa ziwirizi.